Woimba Mbalule Amatsata Ndani?

[NG'OMA ZA CHIMTALI ZILIRE MASEKONDI 20, KENAKA ZITSIKE, ZIZIMVEKA PANSIPANSI]

WOULUTSA: Inu a pa Nkhamenya pano, a ku Chatoloma, a kwa Kaluluma, a kwa Chisemphere, a kwa Simlemba, ndi inu a cha ku Jenda amene mawu athu amakupezani: mwatandala uli? Amene muli m'chigafa kusoka fodya, sokani ndithu, manja agwire ntchito, ife tingobwerekako khutu lanu. Lero tikamba za nyimbo ndi magule, makamaka za mmene anthu ambiri amapangira chinthu chimodzi popanda wolemba pa pepala, popanda woima kutsogolo ndi kandodo.

Ng'oma mwamvazo ndi za chimtali. Amayi azungulira bwalo, ng'oma zili pakati, wina wayambitsa nyimbo, ena akuvomera. Ndikufunseni: akutsogolera ndani pamenepo? Ambiri mwayankha kale kuti ndi woimba ng'oma, poti ndiye akumveka patali. Ena mukuti ndi mayi woyambitsa nyimbo uja. Musafulumire, akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

[NG'OMA ZITHE]

Tiyambire pamtondo. Achinyamata amene munabadwa chigayo chili kale pamsika, kafunseni agogo anu. Amayi awiri, mwina atatu, ankaima pamtondo umodzi, aliyense ndi munsi wake, kukonola chimanga. Kamwa la mtondo ndi laling'ono, silingalandire minsi iwiri nthawi imodzi, choncho wina akamatsitsa, mnzake amakhala akukweza. Maso ali pa chimanga kuti chisatayike, mwana ali kumbuyo, thukuta likuyenderera kumaso. Chomuuza mayi uja nthawi yotsitsa munsi ndi kugunda kwa munsi wa mnzake. Akafulumira pang'ono minsi iwombana, ndipo chala chikapezeka pakati, nsima ya tsikulo adyera dzanja lamanzere. Akachedwa, ntchito ilemera, mnzake atopa msanga. Pamwamba pa kugundako amaikapo nyimbo, zina zodandaula za apongozi, zina zonyogodola mwamuna wothera ndalama kumowa.

Hugh Tracey, amene anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu mu 1950, 1957 ndi 1958, anajambula nyimbo za Achewa, Atumbuka ndi Atonga, za pamtondo zili momwemo, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Mukazimvetsera simungathe kulekanitsa kuti kugunda uku ndi kwa mayi uyu, uku ndi kwa uyo. Mumamva mayendedwe amodzi, osalala, amene mayi mmodzi payekha sakanawatulutsa ngakhale akanakhala wamphamvu chotani.

Tsopano tipite kubwalo la gule wamkulu. Eni mizinda musadere nkhawa, za kudambwe sindizikhudza. Ndikamba zokhazo zimene mwana aliyense ndi mlendo aliyense amaona dzuwa likuswa mtengo.

Gule asanayambe mumaona anyamata akuwamba ng'oma pamoto wa udzu. Amaiyandikiza kumoto, kuichotsa, kugogoda pang'ono, kupendeketsa mutu, kuibwezeranso. Moto umakunga chikopa, mawu n'kukwera. Phula limene amamata pakati pa chikopa limawatsitsa n'kuwapatsa kulemera. Ndipo taonani kuti akagogoda yake, amadikira mnzake agogode yakenso. Ng'oma ikhoza kulira bwino ili yokha koma n'kumakangana ndi zinzake zikalira pamodzi, ndiye chimene amasaka pamoto paja ndi malo a ng'oma iliyonse pakati pa zinzake.

Gule akayamba, ng'oma sizigwira ntchito yofanana. Zina, monga mpanje, zimagwira nthawi. Woimba wake amabwereza kaliridwe kamodzi komweko, osawonjezera, osachotsera, ngakhale mikono itope. Maso a anthu sakhala pa iye kawirikawiri, koma tsiku limene adzatsetsereke, bwalo lonse lidzadziwa. Kenaka pali mbalule, ng'oma yolankhula ija, imene aliyense amaitama.

Ulendo wina mukapita kugule, musiye kaye kuyang'ana chilombo, muyang'ane maso a woimba mbalule. Sayang'ana ng'oma yake ngakhale pang'ono. Maso ake ali pa mapazi a chilombo. Khutu lili kwa mpanje kumbuyo kwake, lilinso kwa amayi amene akuomba m'manja ndi kuvomera nyimbo. Chilombo chikapalasa fumbi, dzanja lake liyenera kugwa nthawi yomweyo, osati fumbi litakwera kale. Chikaima mwadzidzidzi, nayenso aime. Ndipo chilombo chilichonse chili ndi mayendedwe ake. Kapoli savina ngati Chadzunda, Maliya savina ngati Kasiyamaliro. Woimba amene sakuchimva chilombo amakanidwa poyera, anthu akuona: chimangoima, kum'tembenukira, ndipo mnzake wodziwa amam'landa ng'oma osapepesa.

Ndiye mungati basi, chilombo ndicho chikutsogolera. Ayi ndithu, chifukwa nachonso chimamvera mbalule. Woimba waluso amatha kuchiitana, kuchiputa, kuchikumbutsa kuti nthawi yotembenuka yakwana, ngakhale kuchipumitsa akaona kuti mpweya wachepa. Amayi nawonso akaona kuti zatentha amakweza mawu ndi kufulumiza manja, ng'oma n'kuwatsatira. Pa mphindi imodzi yokha, utsogoleri umachoka kwa uyu kupita kwa uyo kangapo, popanda wolengeza. Yankho la funso langa lija ndi limeneli: amene akutsogolera ndi amene wamva msanga zimene zikufuna kuchitika. Pa chifukwa chimenechi, ine ndimati woimba mbalule wabwino koposa m'dera lililonse amakhala munthu wa khutu lakuthwa koposa, ndipo mphamvu ya mikono imabwera pambuyo.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu, wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, kukhala chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse pa dziko lapansi, ndipo mu 2008 linamulemba m'kaundula wake. Tinanyadira, ndipo n'koyenera. Koma alendo akabwera ndi makamera amajambula maonekedwe a zilombo ndi fumbi. Luso lomvana pakati pa phazi ndi dzanja silioneka pa chithunzi, ndipo limatenga zaka kuti limere mwa munthu. Mnyamata amayamba ndi kukhala pafupi, kenaka kunyamula ng'oma, kenaka kuwamba, kenaka kupatsidwa ng'oma yogwira nthawi, ndipo mbalule amaigwira pomaliza, atamvetsera kokwanira. Njira imeneyo ikadukiza m'badwo umodzi wokha, satifiketi ya UNESCO sidzatibwezera.

[KULIRA KWA MPANJE WOKHA MASEKONDI 10, KENAKA MBALULE ILOWE, MASEKONDI ENA 15]

Tiyeni tiyese kanthu pompano, kuti zisangokhala zokamba ine. Ngati muli awiri kapena kuposerapo, gawanikani magulu awiri. Ngati muli nokha, dzanja lamanja ndi lamanzere akhale magulu anu, muzimenya pantchafu. Tiziwerenga kuyambira 1 mpaka 6, mobwerezabwereza, osathamanga. Gulu loyamba liombe m'manja pa 1 ndi pa 4 pokha. Tiyeni.

[WOULUTSA AWERENGE NDI KUOMBA KANAYI]

Gulu lachiwiri liombe pa 1, pa 3 ndi pa 5.

[AWERENGE NDI KUOMBA KANAYI]

Tsopano nonse pamodzi. Mukumana pa 1 pokha, kwinako aliyense ayende njira yake.

[AWIRI AOMBE PAMODZI M'SITUDIYO MASEKONDI 20]

Ndikudziwa zimene zachitika m'nyumba zambiri. Ena mwakokedwa ndi anzanu, nonse n'kumaomba chimodzimodzi. Ena, poopa kukokedwa, mwatseka makutu mumtima n'kumangowerenga zanu, ndipo mwapezeka mwathamanga. Njira zonse ziwiri n'zolephera. Amene zawayendera ndi amene agwira zawo mwamphamvu kwinaku akumva za anzawo, ndipo iwowo amva kanthu kachitatu kakutuluka pakati, kamene sakuomba gulu loyamba, sakuombanso gulu lachiwiri. Kuwiri ndi kutatu koyendera limodzi kumeneku kuli pansi pa magule athu ambiri. Ana athu amakudziwa ndi chiuno asanakudziwe ndi masamu.

Kuno kwathu, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zimakumana pamsika umodzi, ambiri munamvapo ng'oma za vimbuza usiku. Nawonso vimbuza UNESCO inawalengeza mu 2005. Ndikudziwa a mipingo ena mwakwinya kale nkhope. Khalani nane pang'ono, ndikukamba za luso. Ndipo ndinene poyera kuti wodwala malungo kapena khunyu apite naye kuchipatala, chilipo pa Nkhamenya pompano. Koma taonani ntchito ya woimba ng'oma pa vimbuza. Malinga ndi eni mwambowo, mzimu uliwonse uli ndi kaliridwe kake ka ng'oma. Oimba amayamba nyimbo, maso ali pa wodwala amene wakhala pansi. Thupi likapanda kuyankha, amasintha nyimbo, amasintha kagundidwe, mpaka mapewa ayambe kunjenjemera. Akadzuka kuvina, ng'oma yaikulu imatsata mabelu a kumiyendo kwake ndi chiuno chake. Steven Friedson, katswiri wa ku America amene anakhala pakati pa Atumbuka n'kulemba buku lotchedwa Dancing Prophets mu 1996, anaona kuti ng'oma za vimbuza zimayenda pawiri ndi patatu nthawi imodzi, zomwe zija tangoyesa ndi manja. Pamenepo woimba ng'oma akasiya kumvetsera thupi la mnzake, mwambo wonse waima.

Za mganda ndidutsapo mwachangu. Gule ameneyu, pamodzi ndi malipenga a kunyanja, anachokera ku perete wa asilikali a King's African Rifles amene anabwerera kwawo nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Kwa asilikali lamulo limachokera kwa mmodzi, ena onse n'kumvera. Makolo athu anatenga mizere, yunifolomu ndi maudindo, koma mkati mwake anaikamo zathu. Oliza mabadza amalandizana mawu, ena pamwamba ena pansi, ndipo wovina amamva phazi la mnzake wa pambali pake mofanana ndi mmene amamvera ng'oma yaikulu.

Pali chifukwa cha sayansi chimene kumva mnzako wapafupi kulili kofunika. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Munthu amene ali mamita 34 kuchokera pa woimba amamva mawuwo patapita gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Zikumveka zazing'ono, koma pa nyimbo ndi zambiri. Kumbukirani paulendo wa kumanda, mzere ukatalika: akutsogolo amakhala atalowa kale ndime ina, akumbuyo akumaliza yoyamba, ndipo aliyense akuganiza kuti olakwa ndi enawo. Palibe wolakwa, ndi mtunda chabe. N'chifukwa chake amayi a chigwirizano kapena a mvano odziwa ntchito yawo amamwaza oimba amphamvu m'kati mwa mzere, ndipo n'chifukwa chakenso oimba ng'oma amakhala mothithikana, mapewa kukhudzana.

[KANYIMBO KA MANGOLONGONDO MASEKONDI 15]

Tituluke pang'ono m'dziko lathu. Ku Uganda, kwa Abaganda, kuli chida chofanana ndi mangolongondo, dzina lake amadinda. Chili ndi timitengo 12 ndipo amaimba anthu atatu. Awiri amakhala moyang'anana. Woyamba amabwereza kanyimbo kake. Wachiwiri amabwereza kake, koma ndodo zake zimagwa pakati penipeni pa kugunda kwa mnzake, pa liwiro loti maso sangatsatire. Amene amandisangalatsa ndi wachitatu. Iye sabwera ndi nyimbo yakeyake. Amatchera khutu ku timitengo tiwiri ta mawu aakulu, kumva kanyimbo kamene kakubadwa pamenepo chifukwa cha kulowana kwa anzake awiri aja, n'kukabwereza pa timitengo tiwiri ta mawu aang'ono. Gawo lake lonse amalitola m'manja mwa anzake. Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anaphunzira amadinda ku Kampala cha m'ma 1960 kwa mphunzitsi Evaristo Muyinda, anafotokoza kuti pomvetsera tepi ya zimene zinaimbidwa, ankamvamo tinyimbo timene panalibe dzanja limene linatiimba palokha.

Pafupi ndi kwathu, kwa Anyungwe a ku Tete, kuli gule wa nyanga. Amuna amazungulira bwalo, aliyense ali ndi zitoliro zake zochepa zomangidwa pamodzi, zimene sizingatulutse nyimbo yonse. Amaliza, kuimbako ndi pakamwa pakati pa kulizako, kwinaku miyendo yomangidwa maseche ikuponda zake. Andrew Tracey, mwana wa Hugh uja, analemba za guleyu mu 1971. Munthu mmodzi sangapite kunyumba kukaimbira mkazi wake nyimbo ya nyanga, chifukwa ali ndi kachidutswa chabe. Nyimboyo imakhalapo pokhapokha anzake akabwera.

Kubik yemwe uja anafika ku Blantyre mu 1967 n'kupeza anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka, akuimba kwela m'misewu ndi anzawo. Banja lawo linakhalako ku Salisbury, Harare ya lero, kumene kwela ya ku South Africa inali paliponse, ndipo anyamatawa anaiphunzira ndi khutu, n'kuisandutsa yawoyawo. Patapita zaka, mzungu wa madigiri uja anakhala woliza kilarineti m'gulu la Donald, kulandira malangizo kwa munthu amene anam'peza ali kamnyamata koliza chitoliro. Ophunzira athu amene mumabwera kumudzi ndi zolembera kudzafufuza za magule, nkhani imeneyi muisunge.

Sitikufunikanso kupita kutali. Kuseri kwa Jenda kuli Embangweni. M'busa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia, amene anakhala kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anachita zimene amishoni ambiri a nthawi yake sankachita. Anatchera khutu ku nyimbo za Angoni ndi Atumbuka, n'kulimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a kwawo. Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula ndi anzawo anapeka nyimbo zimene zili mu Sumu za Ukristu, ndipo zikuimbidwa mpaka lero, wina kuyambitsa, mpingo wonse kuvomera. Kwa Akatolika, msonkhano waukulu wa Vatican utatha mu 1965, ng'oma ndi visekese zinapeza malo pa Misa. Ndiye pamene fodya anachuluka m'Kasungu muno m'zaka za m'ma 1970, maesiteti anadzaza ndi matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena a kummwera, atanyamula tchopa ndi manganje m'miyendo mwawo. Adzukulu awo ali m'makwaya amodzi ndi adzukulu a Achewa, Atumbuka ndi Angoni. Dera ngati lathuli lili ndi mayimbidwe ambiri oti n'kumvetserana kuposa madera ochuluka m'dziko muno.

[KIYIBODI YOIMBA YOKHA MAYENDEDWE A NG'OMA MASEKONDI 15, KENAKA IDULIDWE MWADZIDZIDZI]

Ichi mwamvachi mukuchidziwa nonse. Pano ndiye pali nkhani imene ndabwerera lero.

Musandinamizire kuti ndimadana ndi kiyibodi. Ndi chida chabwino, ndipo anyamata ena a m'mipingo yathu amachidziwa zedi. Vuto langa ndi kabatani kamodzi kokha, kaja kamene ukakadina ng'oma, besi ndi magitala zimayamba kulira zokha. Ng'oma za m'makina zimenezo zilibe khutu. Mayi woyambitsa nyimbo akafuna kukoka liwu chifukwa mawu a ndimeyo amukhudza, sizimudikira. Mpingo ukadzadza, nyimbo n'kumalemera mwachibadwa, sizibwerera m'mbuyo. Agogo akaimba nthungululu n'kulowa pakati kuvina, sizidziwa kuti kwachitika kanthu. Kwaya yonse ya anthu makumi atatu imasanduka yothamangitsa makina, aliyense payekhapayekha. Ndipo pakapita chaka, kwaya ija imayiwala kumvana. Umboni wake mumauona magetsi akazima pakati pa nyimbo: ena amaima, ena amapitiriza, ena amayang'ana kwa mnyamata wa kiyibodi ngati iye ndiye wathimitsa. Kwaya ya agogo athu magetsi sinkawadziwa n'komwe, koma inkayamba pamodzi ndi kumaliza pamodzi.

Ku situdiyo nako zili chimodzimodzi. Wojambula amapanga kaye mayendedwe pa kompyuta, kenaka oimba amalowa mmodzimmodzi, mahedifoni kumutu, aliyense kuika mawu ake n'kutuluka. Wa besi mwina sakumana n'komwe ndi wa sopulano. Ndikumvetsa chifukwa chake: chipinda n'chaching'ono, maikolofoni ndi imodzi, ndipo ola lililonse ndi ndalama. Koma n'chifukwa chakenso nyimbo zambiri za makwaya athu zimamveka zofanana, kaya yachokera ku Karonga kaya ku Nsanje. M'masukulu ena ana akuvina chimtali ndi chiterera motsatira nyimbo ya pa fulashi. Mapazi akhoza kukhala olondola, zovala zokongola, koma mwana amene akudula chiuno bwino kuposa anzake alibe womuyankha. Ng'oma yamoyo ikanamuona, n'kumuputa, iye n'kuchita zoposa zimene anaphunzitsidwa. Kavinidwe katsopano kamabadwa choncho, pamene wovina wayesa kanthu, woimba ng'oma n'kukavomera, anzake n'kukatola.

Kuti muone kuti njira yakaleyo idakali ndi msika, taonani Madalitso Band. Ndi anthu awiri okha: Yobu Maligwa ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, Yosefe Kalekeni ndi gitala wa zingwe zinayi kwinaku chidendene chikugunda ng'oma. Anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda maiko a ku Ulaya. Liwiro la nyimbo zawo limakwera ndi kutsika malinga ndi mmene awiriwo akumverana ndi mmene anthu akuvinira, ndipo alendo amalipira ndalama kuti amve chimenecho.

Ndiye pali nkhondo ya maikolofoni. Pa chikondwerero cha makwaya mudzamva aliyense akukodola mnyamata wa makina kuti kwezani yanga. Akakweza ya uyu, uyo sakudzimvanso, nayenso akuti kwezani yanga, mpaka chimkuzamawu chiyamba kulira chokha ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Aphunzitsi a kwaya akale anali ndi muyeso wosavuta: ngati sukumva mawu a munthu amene waima pambali pako, tsitsa ako.

Phokosoli likuononganso chiwalo chenicheni chimene takhala tikukamba. Mkati mwa khutu muli timaselo ting'onoting'ono tokhala ngati tsitsi timene timalandira mawu, ndipo tikafa ndi phokoso sitimeranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa chomvera mawu okwera kwambiri. Likutinso phokoso la madesibelo 80 munthu wamkulu angalipirire maola 40 pa sabata, koma likafika madesibelo 100, mphindi 20 zokha pa sabata zakwana. Paukwati, pamene ana amakonda kuunjikana kutsogolo kwa chimkuzamawu penipeni nthawi ya perekaniperekani, phokoso limatha kufika pamenepo. Mukachoka pamalo makutu akulira okha, dziwani kuti avulala. Abale athu ogwira ntchito m'zigayo, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse ndi lokumbukira za kumva pa dziko lonse, koma ana achotseni pa chimkuzamawu Loweruka likubwerali.

Ndisaiwale anzathu amene ali ndi vuto la kumva, poti ku Embangweni komweko kuli sukulu yawo. Iwowa pabwalo asamasiyidwe kumbuyo. Ng'oma imamveka m'chifuwa ndi m'mapazi, ndipo phewa la mnzako limaoneka ndi maso. Evelyn Glennie wa ku Scotland anagontha ali ndi zaka pafupifupi 12, koma ndi mmodzi mwa oimba ng'oma odziwika kwambiri pa dziko lapansi, ndipo amaimba wopanda nsapato kuti azimva kunjenjemera kwa pansi. Mwana wotere muikeni pafupi ndi ng'oma yaikulu, pamene angaone manja a woimba.

[NG'OMA ZA MGANDA ZIYAMBE PANSIPANSI]

Nthawi yatithera, ndiye ndisiye pempho kwa anthu angapo. Aphunzitsi a kwaya, pokonzekera sabata ino zimitsani kiyibodi theka la ola loyamba. Sakanizani oimba, wa besi aime pakati pa masopulano, wa alito pafupi ndi tenala, ndipo ayambe nyimbo inu musanakweze dzanja. Tsiku loyamba zidzaphwasuka, musataye mtima. Anyamata a kiyibodi, yesani nyimbo imodzi yokha Lamulungu lino popanda kabatani kaja, zala zanu zitsate mpingo. Aphunzitsi a m'masukulu, m'mudzi uliwonse wozungulira sukulu yanu muli munthu wodziwa ng'oma. Pitani kwa amfumu mukam'pemphe mwaulemu, ndipo akabwera musam'bweze chimanjamanja. Ndipo inu akuluakulu oimba ng'oma, kamnyamata kaja kamene kamakhala phee pafupi nanu gule yense osavina, musakathamangitse. Kapatseni ng'oma kakawambe.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kasemedwe ka ng'oma ndi mitengo imene ikusowa chifukwa cha zigafa ndi makala.

[NG'OMA ZIKWERE MPAKA KUMAPETO]